Thumba Louma la Pansi pa Bedi

Telala ndi mlamu wake anasiya kalekale kupatsana moni, ndipo musaganize kuti matenda anawafewetsa mitima. Ayi ndithu. Mwamuna wa Telala atagonekedwa m'chipinda cha odwala mwakayakaya, amayi awiriwa anangonyamula nkhondo yawo kunyumba n'kudzaitula pakhonde la chipatala. Panali benchi imodzi yaitali pamenepo. Telala ankakhala kunsonga iyi, mlamu wake kunsonga iyo, ndipo pakati pawo palibe mlendo ankayerekeza kukhalapo.

Mlamuyo anali mlongo wake wamkulu wa wodwalayo. Kumbali anthu ankawatchula kuti a Insipekita, poti akalowa m'nyumba ya munthu, moni asanapereke, ankayamba apititsa chala pamwamba pa kabati kuona ngati pali fumbi. Ndiwo analera mlongo wawoyo makolo atamwalira, ndipo dzuwa silinkalowa asanakumbutse munthu zimenezi. Chidani chawo ndi Telala chinayambira pa ukwati wina. Telala anali wosoka zovala, ndipo diresi yomwe anawasokera inang'ambika kumbuyo ali mkati mowerama, anthu n'kufa nako kuseka. A Insipekita anati zinali zadala. Telala anati iwo ndi amene anakokera mimba m'kati pomwe ankawayeza. Kuyambira tsiku limenelo dzina lake pakamwa pa alamu ake linali katelala basi.

Wodwalayo anali wowotcherera zitsulo, munthu wa nthabwala, woopa mlongo wake ndi mkazi wake mofanana. Lata linamucheka pamwendo ali pantchito. Iye anati n'kabala chabe, Telala anamumanga ndi nsalu yoyera, m'mawa mwake munthu uyo wapita kukawotcherera geti. Mwendo unatupa, thupi linatentha, kenako anayamba kubwebweta, kukangana ndi makasitomala omwe panalibe. Pofika naye kuchipatala anali asakuzindikira ngakhale mkazi wake.

Dokotala anali mayi wamfupi wa magalasi, wolankhula ngati akuthamangitsidwa. Anawaimika onse awiri pakhomo la chipindacho.

"Tizilombo ta pabala paja talowa m'magazi, tafalikira thupi lonse," anatero. "Mankhwala tayamba. Ndi amphamvu, koma amalemetsa impso. N'chifukwa chake tizitenga magazi m'mawa uliwonse. M'magazimo timayang'anamo zinthu ziwiri. China chimatiuza ngati moto wa tizilombowo ukukolera kapena ukuzilala. China ndi zinyalala zomwe impso zimayenera kutaya, timazitcha kiliyatinini. Impso zikafooka, zinyalalazo zimachuluka. Koma imeneyo ndi mboni yaulesi, imafika mlandu utapita patali. Mboni yofulumira ndi mkodzo. Mwandimva?"

"Tamva," anatero Telala.

"Akanabwera naye msanga, osati kumumanga zigamba za pa mashini, bwenzi tisakumva zonsezi," anatero a Insipekita, maso ali kudenga.

Dokotala analibe nthawi ya zimenezo. Anawasiya m'manja mwa namwino, mayi wamtali wotopa yemwe ankathamanga yekha pakati pa mabedi ambirimbiri, makina akulira uku ndi uku. Namwinoyo anawaonetsa kapaipi kochokera pansi pa chofunda cha wodwalayo, kotsikira m'thumba la pulasitiki lomangirira kumwendo kwa bedi.

"Manja anga ndi awiri okha, ndiye ntchito iyi ndi yanu odikirira," anatero. "Mukatsegula kampopi aka, mukhuthulire mkodzo mu jagi iyi, muone mzere womwe wafika, mukataye, mundiuze. Musaiwale mzerewo. Ndipo muno mumalowa munthu mmodzi. Wina usana, wina usiku."

"Usiku ndi wanga," anatero a Insipekita msangamsanga. "Mwanayu ndinamulera ndine, usiku wake ndimaudziwa."

Telala sanatsutse. Anangoti mumtima, chabwino, tisamaonane.

Poyamba zinkayenda. Jagi inkafika mzere wachitatu, nthawi zina wachinayi, ndipo namwino akamva ankati, "Eya, zili bwino, pitirizani." Mawu amenewo ankakoma, abale. M'chipinda momwe munthu wako wangogona ngati chipika, okosijeni kumphuno, dilipi kudzanja, iwe wopanda chomwe ungachite, kuuzidwa kuti zili bwino kumakhala ngati wamuchiritsa ndiwe. Dokotala nayenso anabwera m'mawa wina akumwetulira, kunena kuti magazi akuonetsa kuti moto uja wayamba kuzilala. Telala anakalira kuchimbudzi, kulira kwachimwemwe, kuti alamu ake asamuone.

Kenako mkodzo unayamba kuchepa. Telala anakhala tsiku lonse akusuzumira pansi pa bedi. Madzulo atakhuthula, unali wochepa, wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, wongonyambita mzere woyamba. Nthawi yosinthana itakwana, namwino anamufunsa pakhomo, a Insipekita ataima pomwepo ndi bulangete lawo kukhwapa.

"Mzere woyamba," anatero Telala.

"Ehe! Mwamva?" A Insipekita anatembenukira kwa odikirira ena omwe anali pakhonde. "Ine usiku jagi kudzaza, mpaka kutaya kawiri. M'manja mwanga munthu amakodza. M'manja mwa katelala amauma ngati chikuni. Kaya amakhala akumutani masana onsewa, kaya amangoyang'ana pafoni."

Wina anaseka. Namwino anakwinya nkhope pang'ono, koma makina a pabedi lina anayamba kukuwa. "Bola usiku akutulutsa bwino," anatero ali mkati mothamanga.

Telala anapita kunyumba m'makutu mukulira. Kumuchititsa manyazi pagulu, iye amene amamupukuta mwamunayo thupi lonse, kumutembenuza, kumudzoza mafuta kuzidendene! Ali m'njira anakumbuka kuti ndi zoona, bamboyo ngakhale kunyumba ndi wa usiku. Amadzuka pafupipafupi kukakodza, kugunda chitseko, kudzutsa nyumba yonse. Ndiye ngati usiku akudzaza jagi kawiri, impso zili bwino. Vuto si impso. Vuto ndi pakamwa pa alamu.

Madzulo a tsiku lotsatira, mu jagi munali tochepa kuposa dzulo lake. Telala anatiyang'ana, anayang'ana kukhomo komwe alamu ake anali ataima kale, milomo ili chire kudikira. Anakataya msangamsanga n'kutsuka jagi.

"Wafika pati?" anafunsa namwino.

"Wachitatu," anatero Telala. "Kupitirira pang'ono."

"Eya, zili bwino."

A Insipekita anatsonya. Telala anatuluka mutu uli m'mwamba. Kunena zoona, kunamukomera. Ndipo m'mawa mwake a Insipekita analengeza kuti usiku umenewo anataya katatu.

Umu ndi momwe zinakhalira. Uyu akati wachitatu, uyo wachinayi. Uyu akati wachinayi, uyo jagi kusefukira. Namwino ankaphatikiza za usana ndi za usiku, n'kukauza dokotala kuti pabedi la pakona mkodzo ukutuluka bwino. Dokotala ankati mankhwala amphamvu aja apitirire.

M'mawa wina Telala atafika anamva kwa odikirira anzake kuti kunali phokoso m'bandakucha. Namwino anabwera ndi jakisoni kudzatenga magazi, a Insipekita n'kugona pamkono wa mlongo wawo.

"Akuti mwatenga okwana," anamuuza mayi wina wodikirira mwana wake. "Akuti tsiku ndi tsiku timabotolo, munthu atsala ndi chiyani m'thupi? Akuti poti munanena nokha kuti moto wazilala, mukufunanso chiyani? Namwino analimbana nawo, mpaka nthawi yopititsa magazi ku labu kokawayeza inadutsa."

Dokotala atamva anapsa mtima, koma atafunsa za mkodzo n'kuuzidwa kuti uli bwino, anangoti, "Mawa osalephera," n'kupita pabedi lina.

Tsiku limenelo Telala anakhala pambali pa mwamuna wake mtima usakukhazikika. Nkhope ya bamboyo inali itadzaza, zikope zolemera, zala zonenepa moti mizere ya zipsera za moto wa ntchito yake inali itafafanizika. Atamudina pamwendo wabwinowo, chala chinasiya dzenje lomwe silinabwerere. M'thumba munali madontho owerengeka. Anagwada, anagwedeza kapaipi, anakawongola poganiza kuti kapindika. Palibe chinatsika.

Apa m'pomwe funso linamufikira, lozizira ngati madzi a m'mawa. Nanga ngati alamu nawonso akunama?

Linali funso limodzi, lalifupi, loti munthu angafunse ataima. Madzulo anatuluka nalo pakamwa. A Insipekita anali pa benchi akumwa tiyi wa mu fulasiki, akuuza amayi ena kuti mlongo wawo wayamba kunenepa.

"Mwamuona masaya? Chiyambireni kugona naye ine muno, thupi labwerera. Kunyumba kuja ankangodya mafuta a mashini."

Telala anaima patsogolo pawo. "Alamu."

Zaka zonsezi anali asanayambepo iye kuwalankhula. A Insipekita anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, pang'onopang'ono, ngati akufuna fumbi.

"Ukufuna chiyani? Wabwera kudzandiyeza maliro?" anatero. "Tamvera iwe. Chibale ndi fupa, sichiwola. Iwe ndi wobwera. Lero uli pano, mawa ukasokera wina."

Funso lija linabwerera kummero. Ine, kudzichepetsa kwa munthu ameneyu? Kuti ndivomere pamaso pake kuti ndakhala ndikunama, mawa alengeze chipatala chonse? Aaa, zimenezo ayi. Telala anatola chikwama chake n'kumapita. Akanatha kubwerera kwa namwino, pakhomo pake panali pomwepo. Koma namwinoyo akanafunsa kuti nanga wachitatu uja anachokera kuti, ndipo alamu akanamva. Safunsa anadya phula, akulu ananena kale, koma mwambi umakoma ukamanena za wina.

Kunyumba tulo sanatione. Kunja kukuyera anali ali kale pakhomo la chipinda chija, ndipo anapeza nkhondo itayambika. Namwino ali ndi jakisoni m'manja, a Insipekita atatchinga bedi ndi thupi lawo lonse.

"Ndati ayi! Mukufuna mumuumitse? Magazi a mwana wa mayi anga mukukatani nawo?"

"Mayi, chokani, musandichedwetse," anatero namwino. "Ndili ndi odwala ena."

"Tengani," anatero Telala ali pakhomo.

"Iwe ukuti chiyani? Nthawi yako sinakwane, tuluka!"

"Ndati tengani, anamwino. Mwamuna ndi wanga."

"Wako? Unamugula kuti? Ukufuna amuthe magazi kuti utsale ukuvina m'nyumba muja!"

 Telala analowa, anawagwira alamu ake m'chiuno momwe muja anawayezera kale, n'kuwakokera kumbali ndi mphamvu zomwe sankadziwa kuti ali nazo. A Insipekita anamukanda pakhosi mpaka kutuluka magazi. Mlonda anabwera kudzawatulutsa onse awiri, koma namwino anali atadzaza kale timabotolo take.

Zotsatira zinabwera dzuwa lili pamutu. Dokotala sanatume munthu, anatuluka yekha pakhonde, magalasi ali m'manja.

"Inu awiri, bwerani kuno."

Anawalowetsa onse, lamulo la munthu mmodzi lija analiiwala. Anawaimika kumapazi kwa bedi. Wodwalayo ankapuma mwabefu, chifuwa chikukwera ndi kutsika ngati wathamanga mtunda.

"Magazi akuti impso zaima," anatero dokotala. "Osati lero. Zinyalala zija zakwera kufika pomwe sizifika tsiku limodzi. Koma inu mwakhala mukutiuza kuti bambowa akukodza ngati ng'ombe. Wina akunama pano, ndipo si magazi." Anawerama, ananyamula thumba lija n'kuliimika m'mwamba. Linali lopepuka, lomatana. "Usiku wathawu munataya wochuluka bwanji, mayi?"

"Jagi kudzaza," anatero a Insipekita, koma mawu anatuluka opyapyala.

"Ndiyang'aneni. Munataya wochuluka bwanji?"



"Usiku munthu sakodza kwambiri, amakhala ali mtulo," anatero a Insipekita. "Ine ndimati poti masana akufika wachitatu, wachinayi, ndiye kuti zili bwino. Uyu ndi amene amanena. Mufunseni uyu!"

Dokotala anatembenukira kwa Telala.  Telala anagwira chitsulo cha bedi.

"Sunkafika ngakhale woyamba," anatero. "Ndimati poti usiku akudzaza jagi."

Dokotala anawayang'ana, uyu, kenako uyo, kukamwa kuli yasa. "Mpikisano? Mumachita mpikisano ndi mkodzo wa munthu wodwala? Ine ndakhala ndikuthira mankhwala olemetsa impso mwa munthu yemwe impso zake zinagona kale, chifukwa cha inu! Mukanangonena nonse awiri tsiku loyamba lija kuti wachepa, ndikanasintha mankhwala tsiku lomwelo." Anatembenukira kwa namwino. "Nanunso, osasuzumirako ngakhale kamodzi?"

"Ndisuzumire ndi maso ati, adokotala?" anayankha namwino mokalipa. "Mabedi onsewa ndili ndekha. Ndikanadziwa bwanji kuti anthu akuluakulu anganame za mkodzo?"

"Kutupa kuja si kunenepa?" anafunsa a Insipekita motsitsa.

"Ndi madzi, mayi. Madzi onse a m'madilipi omwe mumati mukutaya ali m'thupi mwakemo, ena alowa m'mapapo. Ndipo pali mchere wina m'magazi womwe impso zikaima umachuluka. Ukapitirira umaimitsa mtima. Wake wafika pamenepo."

"Ndiye titani?" anafunsa Telala.

Dokotala anavala magalasi ake. Ukali unali utamuthera, panatsala kutopa. Anati pali makina otsuka magazi, ogwira ntchito ya impso mpaka zitadzuka, koma ali kuchipatala chachikulu, ulendo wa pagalimoto. Anati ayamba wamubaya mankhwala oti agwiririze mtima, aimbe foni, ambulansi ikonzeke. Akakafika mtima ukugunda, mwayi ulipo.

"Tulukani mukadikire kunja. Mu ambulansi mumakwera wodikirira mmodzi. Mugwirizane."

Mugwirizane! Dokotala ameneyu anaphunzira zambiri, koma apa anapempha mvula m'chilimwe.

Ambulansi inaima kuseri, pafupi ndi khomo lotulutsira odwala, injini ikulira, chitseko chakumbuyo chili chotsegula. Dalaivala, bambo wa mimba yake, anali atatsamira pagalimoto akutokosa m'mano. Telala anafika poyamba n'kuponda pachitsulo chokwererapo. Mtima wake wonse unali pa chinthu chimodzi, kuti akafike, makinawo amulumikize, adzuke ngakhale kuti adzamutukwane. Anamva dzanja likumukoka bulauzi kumbuyo.

"Tsika."

"Alamu, ndisiyeni."

"Ndati tsika! Wamunamizira mkodzo, ndiye ukufuna ukamumalizire m'njira? Akatsegula maso aone nkhope ya m'bale wake."

"Inu simunaname? Jagi kusefukira, kutaya katatu, anali ndani? Magazi anakaniza ndani?"

"Unayamba ndiwe ndi zigamba zako!"

"Munayamba ndinu kundinyoza pagulu!"

"Amayi, amayi," anatero dalaivala, "galimoto iyi ndi ya odwala, si bwalo la nkhonya. Mukapitiriza ndinyamuka ndi wodwala yekha."

Sanamumve. A Insipekita anali atagwira chitseko ndi dzanja limodzi, linalo lili m'tsitsi la Telala. Telala anali atakanirira phazi pachitsulo paja, akuwakankha ndi chigongono. Bulauzi inang'ambika paphewa. Anthu anayamba kusonkhana, odikirira, ogulitsa zinthu pageti, ena akuseka, ena akuti aleretseni. Zonse zomwe amayi awiriwa anasunga zaka zonsezi zinatuluka pamenepo, za diresi, za fumbi, za ana, za amene amamudyetsa bwino. Dzina la wodwalayo linkatchulidwa mbali zonse ziwiri, koma palibe anayang'ana kukhomo komwe amayenera kutulukira.

Telala ndi amene analiona khomolo likutseguka. Anadikira kuona mawilo a bedi. Munatuluka namwino yekha, akuyenda pang'onopang'ono, koyamba chimuonereni osathamanga. Ankavula magolovesi chala chimodzichimodzi. Sanayang'ane Telala, sanayang'ane a Insipekita. Anapita kwa dalaivala.

"Adalaivala," anatero, "zimitsani galimoto."

Injini inazima. Dzanja la a Insipekita linatsika lokha kuchoka m'tsitsi la Telala.  Kenako mayiwo anadziponya pansi, anagubuduka pa simenti, kulira kwake kofika mpaka kumsewu.

"Mayo ine! Mwana wa mayi anga! Wamupha! Katelala wandiphera mlongo wanga! Anthu inu, muoneni, ndi uyu wamupha!"

Anthu onse anatembenukira kwa Telala. Iye anali akadali chiimire pachitsulo chokwererapo, phewa lili pamtunda, magazi ouma pakhosi. Anthuwo ankadikira kuti akane, atukwane, awagwere alamu akewo, poti anali ataona kale kuti pakamwa ali napo. Iye anatsika bwinobwino, anayenda mpaka pomwe a Insipekita anagona, n'kugwada pafupi ndi khutu lawo. Sanakweze mawu.

"Eya, alamu, ndamupha," anatero. "Masana ndine. Usiku ndinu."

Kulira kwa a Insipekita kunadukira pakati. Telala anadzuka n'kulowa m'chipatala kukamutseka maso mwamuna wake.